Chithunzi cha Ukwati wa Achimwene

Kwathu, m'mudzi wa kufupi ndi Ludzi, khoma la pabalaza linali la amayi. Atate anali ndi zigafa zawo za fodya ndi wailesi yawo, koma pakhomapo sankakhomapo kanthu osayamba afunsa. Chaka chilichonse mvula ikatha, amayi ankalitsutsuta ndi dothi loyera, ndipo likauma ankabwezerapo zithunzi, chilichonse pamsomali wake.

Zithunzizo sizinali zambiri. Wojambula ankabwera panjinga Lamulungu, n'kuima pansi pa mtengo kunja kwa tchalitchi Misa ikatha. Filimu ankaitumiza ku Lilongwe, choncho unkadikira milungu itatu, mwinanso n'kuuzidwa kuti chako chapsa. Zathu zinali zomata pamakatoni, zokutidwa ndi pulasitiki kuopa mphemvu. Panali cha ubatizo wa mng'ono wanga, ndi cha atate ataima m'munda, fodya akuwafika m'chifuwa. Chimodzi chokha chinali m'felemu ya galasi, cha ukwati wa achimwene anga oyamba kubadwa.

Anakwatira chaka chimene tinavota koyamba pa zipani zambiri. Pachithunzipo avala suti yobwereka, manja a jekete osafika pomwe amayenera kufika, ndipo akuseka mano onse pamtunda. Alamu, mkazi wamtali wa ku Guilleme, ayang'ana pansi. Achimwene anakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, ndipo anabereka ana aakazi awiri. Amayi atadwala chibayo, alamuwo anasiya mtedza wawo m'munda n'kudzakhala nafe miyezi iwiri, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala ndi supuni.

Kenako achimwene anayamba geni ya zitenje, kukapikula ku Chipata n'kumagulitsa pa boma. Maulendo anayamba kutalika. Ankhoswe anakhala pansi katatu, koma banja linatha. Tinamva kuti achita lendi nyumba pa boma, ndipo akukhala ndi mkazi wina wa ku Chipata komweko.

Tsiku limene anabwera naye kudzamuonetsa, ine ndinali ndi zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo ndinali nditamuda kale ndisanamuone. Anali wamfupi, wochangamuka, Chinyanja chake chothamanga. Anagwada bwinobwino, anapereka shuga ndi sopo. Atakhala pamkeka anakweza maso, n'kuona felemu ija. Tiyi wake anazizira m'kapu.

Achimwene anawatsatira amayi kukhitchini. Ine ndinali konko, ndikusenda maungu.

"Amayi, chithunzi chija mukanachichotsa. Mwaona mmene mlendo wakhalira."

"Ndichotse chifukwa chiyani? Chanama?"

"Zinatha zimene zija."

"Zinatha kwa iwe. Amene anandisambitsa ine ali pamenepo. Ukafuna khoma lochotsapo anthu, kamange lako."

Achimwene anabwerera pa boma tsiku lomwelo, ndipo miyezi inayi sanapondeko kwathu. Atate ndi amene anayamba kufewa. Tsiku lina akusoka fodya m'chigafa anati, "Mayi ake, mwana ndi wathu ndithu, ngakhale walakwa. Tizingomumva kwa anthu?" Lamulungu lotsatira amayi anatumiza uthenga pa boma kuti awiriwo abwere, ndipo anapangana ndi wojambula kuti afike kunyumba. Anajambulitsa atatu pakhonde: amayi pampando, achimwene ndi mkazi watsopanoyo ataima kumbuyo. Dzuwa linali kumaso, achimwene anakokera chipewa pansi, moti nkhope yawo inangotuluka mthunzi. Amayi anachimata pakatoni n'kuchipachika pambali pa felemu ija. Ukwati wa kutchalitchi unakhalabe m'galasi, winawo m'pulasitiki, ndipo aliyense wolowa m'nyumba ankamva zimene amayi akunena.

Ndivomere kuti posesa pabalaza ndinkachikhotetsa dala chithunzi chatsopanocho. Amayi ankachiwongola osandifunsa.

Patapita zaka zinayi achimwene anayamba kudwaladwala. Masiku amenewo matenda otere sitinkawatchula dzina. Ankati akachira mwezi umodzi, wotsatira agonanso. Geni inaima. Tonse tinkayembekezera kuti mkazi wa ku Chipata uja athawira kwawo, poti analibe nawo mwana womumanga. Sanathawe. Anagulitsa mashini ake osokera, anabwera nawo achimwene kumudzi, ndipo ankawanyamula yekha kupita nawo padzuwa. Ndinamuona tsiku lina akuchapa zofunda kudambo, manja atasupuka, akuimba motsitsa nyimbo ya kwawo. Ndinatenga mbali ina ya bulangete n'kumuthandiza kufinya. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumuitana kuti alamu.

Achimwene anamwalira mwezi wa Julaye, m'mawa kukuzizira. Alamu oyamba anafika masana kuchokera ku Guilleme ndi ana awo awiri. Analowa m'nyumba ya siwa n'kukhala kukhoma lina, alamu achiwiri kukhoma linalo, azimayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi ali pakati akuimba.

M'mawa mwake amalume, amene ankayendetsa mwambo, anati pakufunika chithunzi choika pabokosi. Alamu achiwiri anatulutsa zawo m'chikwama. Pa china achimwene anali patali, atatsamira minibasi. Pa china anali ataonda kale, osazindikirika. Cha pakhonde chija nkhope sinkaoneka. Amalume anazitembenuza uku ndi uku, kenako anayang'ana kukhoma kumene kunali felemu ya ukwati ija, n'kuyang'ana pansi. Palibe amene ankafuna kukhala woyamba kunena.

Alamu achiwiri anadzuka okha. Anapita kukhoma, koma msomali unali pamwamba. Anandiyang'ana.

"Mlamu, tanditsitsireni icho."

Ndinachitsitsa. Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Amalume ananong'ona kuti tikhoza kuchitulutsa m'felemu n'kupinda mbali imene kunali alamu oyamba.

"Ayi, musapinde," anatero alamu achiwiriwo. "Anthu awaone mmene analili asanadwale. Ine sindinawaonepo akuseka chonchi."

Anawoloka chipinda, nagwada pamaso pa alamu oyamba.

"Akulu, chithunzichi n'chanu. Mukalola, chitsogole."

Alamu oyamba anachilandira ndi manja awiri. Anaitana mwana wawo wamkulu, amene anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, n'kumupatsa. Ndiye amene anachinyamula pachifuwa kutsogolo kwa bokosi mpaka kumanda, akazi awiriwo akuyenda pambuyo, amayi ali pakati pawo.

Anthu anakamba zambiri pambuyo pake. Ena ankati mkazi wa ku Chipata anadzichotsa ulemu, ena ankati ankafuna kutamandidwa. Ine ndinali pafupi, ndipo sindikhulupirira kuti ankaganiza za anthu. Sindinamufunsepo. Zaka zonse zija ankalowa pabalaza pathu n'kukhala pansi pa ukwati wa mwamuna wake ndi mkazi wina, ndipo ine sindinaganizeko n'kamodzi komwe kuti zinkamupweteka bwanji. Sindikudziwanso ngati amayi analakwa kapena sanalakwe. Nawonso ankateteza munthu amene anawachitira zabwino.

Atamusudzula, mkazi wa ku Chipata uja anabwerera kwawo ndi chikwama chimodzi. Ndinadzakumana naye patapita zaka zitatu pa msika wa pa boma, akugulitsa zitenje. Anali atanenepa, ndipo anali ndi mwana kumbuyo. Anafunsa za amayi, za miyendo ya atate, ndi kuti ana a ku Guilleme aja afika kalasi yanji. Nditatsanzika anandiitananso, nasankha chitenje chobiriwira pansi pa mulu.

"Mukawapatse amayi. Muwauze kuti sichisuluka."