Gitala ya Giredi B ya a Kalisto

A Kalisto a ku Bangwe anakalambira pa fakitale ina ya mabulangete ku Makata. Ntchito yawo inali yofufuza zolakwika. Bulangete likakhala ndi ulusi wothawa kapena kadontho, ankalimata pepala lofiira kuti likagulitsidwe motchipa. Khalidweli linawalowerera, moti mlendo ankayamba amuyang'ana m'misoko ya malaya asanamupatse moni.

Lamulungu ankaimba gitala yobwereka m'kwaya ya kutchalitchi. Mwana wawo Regina atapeza banja mu 2011, iwo ananenetsa kuti pa ukwatiwo adzaimba yawoyawo. Anaipeza ku Limbe, yatsopano, yotsika mtengo, koma ili ndi kasitika ka B.

"Ndi giredi yachiwiri ya kufakitale, bambo," anatero mwini sitolo. "Sinagwirepo ntchito. Ili ndi kachilema ka maonekedwe chabe, saundi ili bwinobwino."

"Kali pati kachilemako?"

"Aaa, akudziwa ndi omwe anaipangawo."

Mtendere unathera pomwepo. Munthu womata mapepala ofiira amadziwa kuti pepala silinama. Akaweruka, m'malo moyeserera nyimbo, ankakhala pakhonde n'kumaitembenuza gitalayo, kuigogoda, kusuzumira m'kati ndi tochi. Ankaopa kuti idzawathyokera m'manja pakati pa Misa, akuchimuna onse akuona. Akazi awo, a Lusiya, ankangowalambalala ndi tsache.

Sabata ya ukwati inakwana asanapeze kanthu, ndipo anakapempha Chrispin, mnzawo wa m'kwaya, kuti aimbe m'malo mwawo. Tsiku la ukwatilo a Kalisto anakhala pa benchi yakutsogolo, zala zikuyenda zokha pabondo. Zinawapweteka kwambiri.

M'mawa mwake a Lusiya anawapeza akuitembenuzabe.

"Kodi bambo a Regina, mukufuna chiyani pamenepo?"

"Chilema chake."

A Lusiya anasuntha lamba wokolekera gitalayo amene a Kalisto anamangirira okha tsiku logula. Pansi pake vanishi anali ataundana ngati kanjere ka mpunga.

"Si ichi? Ndinachiona kalekale ndikupukuta fumbi."

"Bwanji osandiuza?"

"Ine ndimayesa mukuisisita chifukwa choikonda. Simunanene kuti mukuiopa."

A Kalisto anakunga nsambo, n'kufunsa ngati Regina adutsa pakhomo asanapite kwa mwamuna wake ku Mzuzu.

"Anyamuka kale," anatero a Lusiya. "Akwera basi yoyamba."