Denga la Sitima, Thonje la Apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tayala la njinga. Linaphulika ndikulowa pa Sinda, ndipo ndikukankha njingayo kufunafuna womata, ndinaona bambo wina wamimba akulimbana ndi belo la thonje lomwe linagwa pa lole. Ndinaimika njinga n'kumuthandiza kuligubuduza. Atapezako mpweya anandiyang'ana m'mikono nati, "Iwe, mawa uli ndi zochita?" Amenewo anali a Mwanza, kapitawo wa pa depoti ya kampani ina yogula thonje.

Zochita ndinali nazo, koma sizinali zanga. Nthawi imeneyo ndinali mkamwini. Kwathu ndi kufupi ndi ku Mkaika, koma nditakwatira Enelesi ndinakakhala kumudzi kwawo, kuseri kwa Sinda. Munda umene ndinkalima unali wa apongozi, malo a nyumba anali awo, ngakhale mwana wanga Tisa anali wa mbumba yawo. Mwini mbumbayo anali a Gelesomu, atsibweni ake a Enelesi, munthu amene sanandikondepo chilowereni pamudzipo. Nditawapempha kuti ndizikagwira ntchito ku Sinda, anayankha akusema mpini, osadzutsa mutu. "Pitani. Tidzaone chimene mudzabweretse pakhomo pano. Paja mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Ndinamva bwinobwino kuti ntchitoyo ikadzalakwika, ndi ukwati womwe udzalakwika.

Apongozi anga aakazi anali amasiye, ndipo ine ndi iwo sitinalankhulanepo maso ndi maso. Ndiwo mwambo wake. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, ine n'kukhotera mbali ina. Mawu anga ankadzera mwa Enelesi. Iwo akafuna kundiuza kanthu ankalankhula ndi chitseko: "Kodi anthu ena adya kale?" Ine ndili m'kati n'kuyankha khoma kuti adya. Anthu akutali amaseka zimenezi, koma ine ndinkaziona kukoma. Munthu amene amakuthawa chomwecho ndiye kuti wakuwerengera.

Depotiyo inali m'chinyumba chimene aliyense pa Sinda ankachitcha kuti Loko. Kwathu kulibe njanji, ana ambiri sitima amangoiona pa chithunzi, koma nyumba yogonamo mitu ya sitima tinali nayo. A Mwanza ndiwo anandifotokozera. Shediyo inamangidwa kalekale kunjanji, nthawi ya azungu, kuti mitu ya sitima yoyendera malasha amiyala izitsukidwamo ndi kupakidwa girisi. Sitima za dizilo zitabwera, inasiyidwa. Mumakhala akadzidzi, kenaka ena anayamba kukonzeramo mabasi, mpaka wamalonda wina anagula zitsulo zake, n'kuzimasula, n'kuzikweza pa malole kubwera nazo kuno kum'mawa. Pa Sinda inayamba yakhala nkhokwe ya chimanga, mpingo wina unapemphereramo mpaka utamanga tchalitchi chawo, kenaka n'kubwera ife a thonje.

Omanga anaibwezera monga inalili. Makomo ake anali aatali moti lole yodzaza inkalowa osagunda. Pamwamba penipeni pa denga panali mpata wautali wotulukira utsi, ndipo m'munsi mwake munalendewera zitsulo zopindika ngati migwaya yodyeramo ng'ombe koma yozondoka, zimene kale zinkakokera utsi wa sitima kumwamba. Palibe anaganiza zozipala m'kati. Wosunga chimanga analibe nazo kanthu, opemphera nawo analibe nazo kanthu.

Ntchito yathu inali yotere. Mlimi akafika ndi ngolo, tinkatsitsa matumba ake n'kukhuthulira thonje pa tenti yoyala pansi m'shedimo, aliyense mulu wake. Kenaka tinkalimwaza ndi manja, kuchotsa masamba, timitengo, makamaka ulusi wa matumba a pulasitiki, umene kufakitale amadana nawo kwambiri. Likayera tinkaliponda m'mabelo, kusoka pakamwa ndi singano yaikulu, kukoka ndi mbedza kufikira pa sikelo yopachika, ndiyeno kulemba ndi burashi pa belo: A ngati ndi loyera, B ngati lili ndi mawanga. Thonje lodetsedwa ndi mafuta sitinkagula n'komwe. A Mwanza ataona kuti maso anga ndi akuthwa anandipatsa burashiyo, ndipo ndinayamba kuyenda ngati ndine mwini kampani.

M'mawa uliwonse ndikamasesa ndinkapeza timibulu takuda pansi, tonga zitosi za mbewa. Ndikatifikisa ndi chala tinkasanduka phala lonunkha mafuta akale. Ndinawaonetsa a Mwanza, iwo n'kuloza kumwamba. "Ndi mwaye wa sitima umenewo. Ndinawauza kale akuluakulu. Akuti tidzapale nyengo yogula ikatha." Makwerero ofika kumeneko tinalibe. Ndinayesa kumangirira tsache ku nsungwi ziwiri zolumikiza, koma silinafike ngakhale pakati. Ndinazisiya, poti munthu sungalimbane ndi denga.

Chaka chimenecho thonje la apongozi linabereka mochititsa kaso. Ndinalilima ndekha, kupopera ndekha, ndipo pothyola Enelesi ankaika m'matumba a nsalu kuti pasalowe pulasitiki. Kumudzi kunabwera wogula wina wa pansi pa mtengo, amene sikelo yake tonse tinkaikayikira. A Gelesomu ankafuna kugulitsa pomwepo. Ine ndinatuma Enelesi kuti akauze amayi ake adikire, abwere nalo ku Loko, kumene sikelo ndi yoona ndipo wolemba A kapena B pa belo ndi mkamwini wawo. Yankho linabwera kudzera pa chitseko: "Anthu ena akatero, tamva." A Gelesomu anaphatikizapo thonje lawo monyinyirika.

Anafika m'mwezi wa Ogasiti, dzuwa lili pamutu, mphepo ikuulutsa fumbi pamsewu waukulu. Ngolo zinaima panja. A Gelesomu analowa n'kuima pafupi ndi sikelo, manja kumbuyo. Apongozi anakhala pakhomo penipeni atafunda chitenje kumutu, nkhope atalozetsa kunja kuti asaonane ndi ine. Tinakhuthula matumba onse pa tenti. A Mwanza anatapa dzanja limodzi, n'kulikoka, n'kunena mokweza kuti amve onse, "Thonje ndi ili. Chaka chino loposa apa sindinalione." Mtima wanga unachita kuti myaa. Ndinaona a Gelesomu akumeza malovu.

Tili m'kati momwaza, kunja kunamveka ana akukuwa kuti kamvuluvulu. Kamvuluvuluyo anachokera kumsika atanyamula mapepala ndi makoko a chimanga, n'kulunjika pakhomo lathu lalitalilo. Nyumba ija inamangidwa kuti izikoka mpweya kuchokera kukhomo kukatulukira kudenga, ndipo tsiku limenelo inagwira ntchito yake. Mphepo inalowa, inakwera, malata analira ngati akung'ambika, zitsulo zozondoka zija zinagwedezeka. Kenaka kunada. Mwaye unagwa ngati mvula, wina fumbi, wina zibuma zazikulu ngati chibakera zimene zinkaphwanyika zikafika pansi.

Ndinadziponya pa mulu wa apongozi chafufumimba, manja n'tatambasula. Munthu mmodzi angaphimbe thonje lochuluka bwanji? Anzanga anathamangira tenti ina, koma pofika nayo n'kuti zatha. Mphepo inadutsa, kunayeranso, kunangotsala chifuwa cha aliyense. Nditadzuka, pamene ndinagona panali chithunzi cha munthu choyera, kwina konse kuli bii.

Tinayesa kutola. Ukagwira kachibuma kankasungunukira m'thonje. Ukakung'untha, fumbi linkalowa m'kati. Tinayesa kuchotsa la pamwamba lokha, koma poti tinali titalimwaza kale mopyapyala, pansi ndi pamwamba zinali chimodzimodzi. Manja athu akudawo ankaipitsa ngakhale lomwe linapulumuka. Ndinapitiriza kutolabe, ndikudziwa kuti palibe chimene ndikuchita, mpaka a Mwanza anandigwira paphewa.

Ndinawakokera kuseri kwa mabelo n'kuwagwadira. Ndinati zachitikira m'nyumba yathu, denga ndi lathu, anthuwa abwera ndi thonje loyera ndipo inu mwanena nokha. Anaimba foni kwa akuluakulu ine ndili pomwepo, analankhula mpaka thukuta, kenaka anaibweza m'thumba. "Akuti lisanakwere pa sikelo, thonje ndi la mlimi." Ndinapempha kuti tilembe B basi. Anapukusa mutu. "Kufakitale amatsegula belo lililonse. Akapeza mafuta, lole yonse ibwerera, ndipo tichoka tonse, ndi anzako omwe. Burashi ili ndi iwe, Yotamu. Kawauze." Maso awo anali ofiira, ndipo sindikhulupirira kuti unali mwaye wokha.

Ndinayenda kupita kukhomo. Mawu oti sitigula ndinayenera kuwanena kwa mwini thonje, ndipo mwini thonje anali munthu amene sindinkaloledwa kulankhula naye. Ndinaima kumbali, n'kuuza nsanamira yachitsulo: "Thonje lalowa mafuta. Kampani yakana."

A Gelesomu anayamba kulalata. Anati ndinawaletsa wogula wabwino kuti ndidzawachititse manyazi pa Sinda, anati mwina ndapangana ndi kampani kuti tidzalitole iwo akalitaya. Apongozi sanatembenuke. Anatola kachibuma kamodzi kamene kanagwera pa chitenje chawo, anakafikisa pakati pa zala, n'kununkhiza. Kenaka analankhula ndi nsanamira yomweyo. "Mwaye uwu ndimaudziwa. Malemu amuna anga ankatsuka mitu ya sitima kunjanji tili achinyamata. Ovolosi yawo ndinaichapa mpaka manja kusupuka, koma sinayere. Anthu ena asavutike kutola."

Ndinalira pamenepo, pamaso pa alimi onse, osabisa.

Thonje lija analibweza pa ngolo. Wogula wa pansi pa mtengo uja n'kuti atapita kale, ndipo ngakhale akanakhalapo sakanalitenga. Linakhala m'khonde mpaka mbuzi zinayamba kugonapo. Ine ndinkapitabe ku ntchito, kubwerako n'kupeza mudzi uli zii. Enelesi ankandiuza kuti amayi ake akundiikira kumbuyo, akuti mphepo ilibe mkamwini. Koma pa nkhani za mbumba mawu omaliza ndi a atsibweni, ndipo m'thonjemo munali lawo lomwe. Anaitanitsa ankhoswe. Anthu akwathu anabwera kuchokera ku Mkaika, anapepesa, analonjeza kuti tidzabweza pang'onopang'ono. A Gelesomu anati nkhani si thonje ayi, nkhani ndi munthu wosamva amene akufuna kulamula pamudzi pa eni ake. Enelesi anafunsidwa, anayang'ana amayi ake, anayang'ana atsibweni ake, n'kuweramitsa mutu. Anagamula kuti ndichoke pamudzipo. Sindimuda. Akanapita kuti ndi mwana, ine ndemwe ndinalibe ngakhale malo oimikapo khumbi?

M'mawa wa tsiku lochoka ndinamanga bulangete ndi ovolosi yanga ya kuntchito, yakuda ndi mwaye, pa njinga. Tisa ankaganiza kuti ndikupita ku ntchito, anandiuza kuti ndibwere ndi masiwiti. Nditafika pa kanjira ka kuchitsime ndinaona apongozi akubwera. Ndinakhotetsa njinga kuti ndilowe kutchire monga mwa masiku onse. Iwo sanapatuke. Anabwera molunjika, anaima patsogolo panga, anandiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino, ndipo ndinadabwa kuti Tisa anatengera mphuno yawo.

"Yotamu," anatero, dzina langa lenileni. "Ovolosiyo ukaiviike m'madzi a phulusa. Siyera, koma fungo lichepa." Anandipatsa kathumba ka nsawa m'manja mwanga. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti zathadi, chifukwa munthu amene salinso mkamwini wako palibe chomuthawira.

Nyengo yogula itatha, kampani inabweretsa anthu a makwerero n'kupala zitsulo zija. Inali ntchito yosatenga ngakhale mlungu. Patapita zaka thonje linachepa, depoti inatsekedwa, ndipo lero mu Loko muli owotcherera zitseko ndi mafelemu a mawindo, anthu amene mwaye sungawalakwire kanthu. Ine ndili pa depoti ina ku Katete, timagula soya ndi nsawa. Chimene ndinatengako ku Sinda n'chakuti nyumba siiwala ntchito imene anaimangira. Ndikalowa m'shedi iliyonse ndimayamba ndayang'ana kumwamba, ndimafunsa kuti kale munkakhala chiyani, ndipo katundu wa mlimi sinditsegula pansi pa denga limene sindinalikhudze ndi chala. Anzanga amandiseka kuti ndimafunafuna mileme.

Apongozi aja, kapena ndinene kuti agogo ake a Tisa, akadali moyo. Nthawi zina amabwera ku msika wa ku Katete ndi Tisa, amene tsopano ndi namwali. Akandiona amandikodola patali, amandigwira chanza ndi manja awiri, amandifunsa za chifuwa changa, timaseka. Amayi ogulitsa tomato amati, "Koma gogo ameneyu amakukondani." Ine ndimangovomera. Sadziwa kuti ndikanapereka chilichonse kuti andione panjira, afunde chitenje kumutu, apatukire kutchire.