Nyimbo ya a Nambewe yalowa m'mafoni

A Nambewe amagulitsa tomato pamsika wa Mitundu, koma kumudzi kwawo amadziwika ndi ntchito ina. Khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta, amakaliika ndi amayi okhaokha, ndipo amene amalinyamula ndi a Nambewe. Poti maliro otere salira, amaliyimbira kanyimbo kogonetsera mwana, kamene sanayimbirepo mwana wamoyo, ngakhale wawo yemwe.

Tsiku lina, atachokera kokaika khanda, anayamba kung'ung'udza kanyimboko akuunjika tomato. Abednego, mwini situdiyo ya kuseri kwa msika, anaima n'kujambula pafoni. Sanafunse n'komwe kuti ndi ka chiyani. Anaikamo ng'oma ndi gitala, ndipo pofika nthawi yokolola kanali katamveka m'mabala monse.

A Nambewe anapita kukamukalipira. "Iwe, chotsa nyimbo ija! Si yovina imene ija!"

"Amayi, ili kale m'mafoni a anthu," anatero Abednego akuseka. "Ana akuikonda."

Dzulo a Nambewe anakwera minibasi yochokera ku Malingunde. Pambali pawo panakhala mtsikana wina, ali ndi khanda lolira mosatonthozeka. Mtsikanayo anatulutsa foni n'kuiika pafupi ndi khutu la mwana. Nyimbo ija inayamba, mwana n'kungoti zii.

"Mwaona? Sichedwa kugonetsa," anatero mtsikanayo.

A Nambewe anapitirira pa siteji yawo, maso ali pachifuwa cha khandalo, kudikira kuti nsalu igwedezeke ndi kupuma kwake. Manja awo anali atatambasuka kale okha kuti alilandire, monga amachitira ndi makanda omwalira kumudzi.