Kukayesa Khasu pa Chipale

Tinanyamuka kunyumba ku Beaumont Leys, mu mzinda wa Leicester, 7 koloko m'mawa, ine ndi alamu anga a Fatsani. Iwo anali atavala majekete awiri, m'chikwama muli mandasi ndi kakhasu kolimira maluwa.

M'nyumba mwathu tinalimo anthu asanu ndi awiri, alamu akugona pabalaza, ndipo landilodi anali atanena kuti mmodzi achoke. Kobwerera analibe, poti kwawo ku Nsanje madzi anakokolola zonse. Ndiye anamva pa foni kuti ena akuganiza zokakhazika osowa pokhala kumalekezero a dziko, kwa chipale chokhachokha. Mutu unawazungulira ndi chimwemwe. Ati akakhala oyamba kufika, mudziwo uzikatchedwa kwa Fatsani. Ine ndinati tiyambe tayesa kumapiri a Buxton.

Sitima ya ku Derby inatidya mapaundi khumi ndi awiri aliyense, kenako tinakwera basi. M'basimo alamu anayamba kugawa mapuloti a mudzi wawo uja, yoyamba n'kundipatsa ine. Mayi wina wachizungu atamva, anafunsa ngati galu wake akaloledwe. Alamu anati bola asamakauwe usiku, poti kumeneko usiku umodzi ndi miyezi ingapo. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, mayiyo anadya mandasi awiri.

Tinafika cha m'ma 11, kunja kuli mbuu. Pokwera phiri alamu anagwa kawiri, akudzuka akuvina. Nkhalamba ina inatipitirira ikuthamanga itavala kabudula, iwo n'kuisankhiratu kukhala wachiwiri wawo.

Pamwamba anapalasa chipale n'kukhapa pansi. Kakhasu kanangodumpha, nthaka ili gwa ngati simenti. Anakhapanso kangapo.

"Alamu, chimanga apa ndiye mwaiwala, tizikadya sinowo yemweyu," ndinatero.

Sanaseke. "Sindikuyesa za chimanga. Ndimaona ngati manda angakumbike. Amayi madzi anawafukula, mpaka lero sitidziwa kumene ali. Ine ndikufuna malo oti mukadzandiika, ndidzakhale pomwepo."

Ndinachita manyazi. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti munthuyu akungosowa bedi.

Tinatsika phiri titagwirana, zala zitauma. Sitima isanalowe mu Leicester ndinawauza kuti sachoka okha: tisaka nyumba yaikulu tonse, olo ndionjezere mashifiti. Iwo anati puloti yanga ija andisungirabe, ya pafupi ndi yawo.