Ambulera Yomvera Chala Chimodzi

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anakonza maambulera zaka makumi atatu ndi ziwiri pakhonde la sitolo ya nsapato, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri mwa zimenezo akazi awo anayenda pamvula atavala jumbo kumutu. Tangoganizani manyazi ake. Ine ndinali pompo tsiku ndi tsiku, makina anga osokera atagundana ndi tebulo lawo, chifukwa nsalu ya ambulera ikang'ambika wosoka ndinali ine. Ndiye zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu ayi.

Tebulo lenilenilo linali chitseko chakale chogonekedwa pa migolo iwiri. Pamwamba pake panali pulayazi, tupa, kasikuludiraiva, mpukutu wa waya, ndi zitini zitatu zodzaza masipuling'i ochotsa m'maambulera akufa. Maambulera akufawo ankalendewera pachingwe kumbuyo kwawo ngati mileme. Eni ake anali munthu wamtali, wowerama, wouma pakamwa moti mukawapatsa moni m'mawa yankho lake mumalilandira masana. Koma chimene aliyense ankayamba kuona chinali chala chawo chachikulu cha kumanja. Chinali chophwatalala, chikhadabo chakuda, khungu louma gwa chifukwa chokhotetsa waya zaka zonsezo. Ndinkawaseka kuti tsiku limene hamala idzasowe sitidzabwereka kwa munthu.

Nkhani inayamba ndi ambulera yofiira, yopinda, ija mumangodina batani n'kudumpha yokha. Mwini wake anaisiya kuti ikonzedwe, osabweranso. Itakhala chaka pachingwe, alamu anaitsitsa, n'kuikamo sipuling'i yamphamvu kuti izitseguka mwaulemerero, n'kupatsa akazi awo. Mphatso yoyamba chikwatirane, ndiye munganene kuti anali munthu wachikondi chothamanga.

Achemwali ankagwira ntchito pamalo ochapira ndi kusita zovala, ndipo ankapita pa basi. Lolemba m'mawa anakhala pampando ambulera ili pamiyendo. Basi inagwa m'dzenje, chikwama cha munthu woyandikana naye chinadina batani, ambulera phaa! Nsonga yake inawalasa pansi pa diso lakumanzere. Adokotala anasoka kanayi, n'kunena kuti ikanakwera pang'ono chabe, diso likanapita.

Ndikanakhala ine, msewu wonse ukanadziwa kuti kwachitika zinthu. Koma achemwali sakalipa, ndipo kusakalipa kwawoko ndiko koopsa. Anabwera pakhonde bandeji ili kumaso, n'kuika ambulera ija patebulo mwaulemu.

"Katundu wanu uyu, bambo," anatero. "Ine mvula sinandilasepo."

Kuyambira tsiku limenelo sanagwirenso ambulera, ya munthu aliyense. Mitambo ikada, ankatulutsa jumbo m'chikwama, kumanga kumutu, n'kudutsa pamaso pa tebulo la amuna awo madzi akuyenderera m'khosi. Mayi wogulitsa nthochi pakona ankafuula kuti aliyense amve, "Woumba mbiya amaphikira m'phale!" Alamu ankangowerama n'kumapala waya wosafunika kupala. Kusekedwako sikumene kunkawapweteka. Chinkawadya ndi chipsera chija, chimene ankachiona m'mawa uliwonse pomwa tiyi, n'kumadziwa kuti chinachokera m'manja mwawo. Ankangofuna chinthu chimodzi basi: akazi awo adzagwirenso ambulera yokonza iwo.

Ndiye anayamba kupanga kaloko, koti ambulera isamatseguke yokha.

Koyamba kanali kamsomali kopisa pambali pa batani, komangirira ndi ulusi. Anaika pa maambulera a makasitomala osawafunsa n'komwe. Pofika kumapeto kwa sabata timisomali tonse tinali titatayika m'mabasi. Kachiwiri kanali kamphete kopotokola, kabwino ndithu m'chilimwe, koma kakangonyowa kankachita dzimbiri n'kukakamira. Kaloko ka ambulera koopa madzi, inu munamvapo? Kachitatu kankafuna manja awiri ndi mutu wozizira: ukoke apa, upotokole apo, kenako udine. Aphunzitsi ena, munthu wophunzitsa masamu, anaima pamvula mphindi zisanu akulimbana nako, ndipo anafika pakhonde atanyowa mpaka m'masokosi.

"Amisiri," anatero aphunzitsiwo, "ndabwera kudzakuyamikani. Ambulera yanga m'kati mwake simunalowe dontho ngakhale limodzi."

Dzina loti a Kaloko linayambira pamenepo, ndipo linawamatirira mpaka kumanda. Ine ndinkawauza mosabisa. "Alamu, anthu akufuna ambulera, osati chitseko cha ndende." Iwo ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," osadzutsa mutu. Kaloko kalikonse katsopano ankakayesa ngati kawalakwira. Kumenyetsa ambulera pansi, kuikhalira, kuiponyera m'chikwama chodzaza miyala. Loweruka lina anakwera basi ya msewu wa maenje mpaka kumathero n'kubwerera, ambulera ili pamiyendo, nkhope atapendeketsa kumbali. Akakhutira kuti sikutseguka yokha, ankaidina ndi chala chawo chija kuti aone ngati ikutseguka munthu akafuna. Inkatseguka nthawi zonse. Ndinapempha kangapo kuti ndiyeseko, koma ankandiyankha kuti zala zanga n'za singano, ndisamale zanga.

Chaka chachisanu ndi chiwiri anati atha. Batani analibisa m'kadzenje ka pachogwirira, moti chikwama kapena chigongono sichikanalifika, ndipo kuti litsike unkayenera kulikankhira kumbali kaye. Kunena zoona, nzeru yake inali yabwino. Anaika pa ambulera yofiira yomwe ija, ine n'kusokerapo nsalu yatsopano. Lamlungu masana anandipempha kuti ndipite nawo kunyumba ndikakhale mboni, poti okha ankaopa.

Tinapeza achemwali akusita pabalaza, ngati kuti kusita kwa kuntchito sikuwakwana. Alamu sanalonjere n'komwe. Anamenyetsa ambulera pasimenti. Sinatseguke. Anaikhalira, n'kudzidumphitsa ngati ali m'basi, munthu wamkulu wa imvi zake. Sinatseguke. Kenako anailozetsa kukhoma, chala pabatani, phaa! Anaipinda, n'kubwereza. Anachita zimenezi mpaka ine ndinatopa kuyang'ana. Achemwali anaimika simbi, n'kupukuta manja pachitenje.

"Bweretsani kuno," anatero.

Ine ndinasendera pafupi. Zaka zisanu ndi ziwiri! Alamu anaipereka ndi manja awiri. Achemwali anailozetsa kutali ndi nkhope, anakankhira batani kumbali monga anaonera, n'kudina. Zii. Anadina ndi zala ziwiri. Zii. Ndinalanda ine, ndinadina mpaka chikhadabo chinapindika. Tinaitana bambo wa nyumba yoyandikana, munthu wonyamula matumba a simenti kuti apeze chakudya, nayenso analuma mlomo, misempha kutuluka m'khosi, ambulera ili duu. Alamu anaitenga modabwa, n'kukhudza chabe. Phaa!

Mayo ine, ndinaseka mpaka ndinakhala pansi. Safunsa anadya phula! Zaka zonsezi munthu ankayesa masipuling'i ake ndi chala chokhotetsa waya, ndipo kulimba kumene iye ankati n'kwabwinobwino, kwa anthu ena tonse kunali mwala. Anapanga kaloko kotetezeka kuposa tonse, kotseguka ndi chala chimodzi pa dziko lonse lapansi. Nditapukuta misozi ndinaona nkhope yawo, ndipo kuseka kunandithera. Anali ataima pakati pa balaza ngati munthu amene wauzidwa za maliro.

"Ndi sipuling'i chabe," anatero motsitsa mawu. "Mawa ndiifewetsa."

Anatambasula dzanja, koma achemwali anali atatola kale ambulera ija n'kuipanira m'khwapa.

"Musaikhudzenso. Mukaifewetsa idzandilasanso. Ikhale momwemu."

"Nanga muzitsegula bwanji, mayi?"

"Chala muli nacho ndinu. Mvula ikamagwa muzibwera nacho."

Ndipo zinakhaladi choncho. Walira mvula walira matope. Mvula ikagwa m'mawa, alamu ankaperekeza akazi awo kokwerera basi. Ikayamba madzulo, ankaphimba tebulo ndi pepala la pulasitiki n'kukwera basi kukawadikira pageti la kuntchito kwawo. Mumvetse bwino: nthawi yamvula ndi imene anthu amakumbukira kuti ambulera yawo inathyoka. Ndiye tinali ndi wokonza maambulera mmodzi yekha m'tauni monse amene ankasowa mvula ikangoyamba. Makasitomala ankandizungulira ine, atanyowa, atakwiya, ngati ndine ndinawabisa. Ndinkangowalozera kumsewu. Uko akubwera awiri, nkhalamba yaitali ndi mayi wamfupi, pansi pa kaambulera kopinda kosakwana n'komwe munthu mmodzi wonenepa. Alamu ankayenda kumanja, phewa lawo lakumanja lili lonyowa, achemwali kumanzere, lawo lakumanzere lili lonyowa. Onse awiri ankafika kunyumba atanyowa theka, m'malo moti mmodzi anyowe yense, ndipo iwo ankati zinthu zayenda bwino.

Zinandinyansa, ndinene. Ndinkawauza achemwali kuti akuzunza munthu wamkulu, adzadwala chibayo. Ankangoti, "Anaipanga okha." Ndinkawauza alamu kuti aifewetse mwakabisira, nkhani ithe. Ankandiyankha kuti sipuling'i ya mtundu umenewo sipezeka, munthu wokhala ndi zitini zitatu za masipuling'i pamphuno pake. Ndipo chaka ndi chaka ambulera ija inkaoneka kuti ikulimbirabe, chifukwa poitsegula anayamba kuluma mano ndi kubuula, achemwali ataima pambali akupukusa mutu kuti, "Mwaona? Nanga ine ndikanatha?" Makasitomala enawo anawabwezera mabatani wamba obisika m'kadzenje, ofewa bwinobwino, ndipo palibe anadandaulanso kapena kulasidwa. Yovuta inatsala imodzi yokhayo, kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Alamu anamwalira m'chilimwe, kumwamba kulibe kamtambo ngakhale kamodzi. Anadwala masiku asanu okha, osavutitsa munthu, monga mwa khalidwe lawo. Tinawaika dzuwa likuswa mtengo, ndipo anthu kumanda anafunda maambulera ambiri okonza iwo. Yofiira ija inatsala kunyumba pamsomali wa kuseri kwa chitseko.

Miyezi iwiri itadutsa, mitambo inayamba kusonkhana, ndipo ine nkhawa inandigwira. Ndinkaona achemwali, mayi wa imvi tsopano, akubwerera ku jumbo. Ndinati ayi, zimenezo sindilola. Zaka zonse zija ndinkaonerera, ndipo kumasula chogwirira n'kusintha sipuling'i si ufiti. Tsiku limene mvula yoyamba inagwa ndinasankha sipuling'i yofewa m'chitini, ndinatenga kasikuludiraiva ka alamu, n'kulawirira kunyumba kwawo. Ndinapeza achemwali atavala kale, chikwama paphewa, akupita kumsika.

"Achemwali, bweretsani ambulera ija ndiikonze. Lero musandikanize."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kasikuludiraiva kali m'manja mwanga. Anatsitsa ambulera pamsomali, anaima pakhomo, anailozetsa pabwalo. Chala chawo chofewa ndi sopo wa zaka zambiri chinangokhudza batani. Phaa!

Ndinayang'ana chala chawo, n'kuyang'ana ambulera.

"Alamu ako anaifewetsa sabata yoyamba yomwe ija," anatero achemwali. "Lachitatu, ine ndikusamba. Ndinapeza mafuta pachogwirira, ndipo nditayesa inatseguka."

"Ndiye kubuula konse kuja? Kuluma mano kuja?"

"Ankachita bwino, eti? Chaka chatha anawonjeza n'kupukuta thukuta."

"Koma iwo ankadziwa kuti inu mukudziwa?"

"Sindinawafunse. Iwonso sanandifunse."

Ndinakwiya, ndikuuzeni. Zaka khumi ndi chimodzi ndikutukwanidwa ndi makasitomala onyowa chifukwa cha nkhalamba ziwiri zabodza! Ndinafuna kuwauza zimenezo, koma iwo anali atatsika kale pakhonde. Ankayenda pang'onopang'ono m'matope, ambulera ataigwirira kumanja, kutali ndi mutu wawo, theka lake likutchinga pamalo popanda munthu.

"Achemwali!" ndinafuula. "Phewa likunyowa! Ikani pakati ambulerayo!"

Anandimva, chifukwa mawu anga amamveka mpaka kokwerera basi. Sanacheuke, ndipo ambulera sanaisunthe.