Mailo ake ati?

Ntchito ya pa mlatho ndinaipeza chifukwa cha mbuzi. Ndinachoka kwathu ku Minga kukagulitsa mbuzi ziwiri ku Nyimba, ndipo wogula anali a Daka, kapitawo wa omanga mlatho. Ataona momwe ndinanyamulira tonde wamakani paphewa, anati mikono yotere ikungowonongeka kumudzi. Lolemba lake ndinali ndi wilibala m'manja.

Pamtsinjepo kale panali mlatho wa mitengo, kenako wa simenti koma wotsika, umene unkamira dzinja lililonse, odwala n'kumagona kutsidya. Ife tinkamanga wa zipilala zitatu. Patapita miyezi inayi anandiika pa mikisa, makina osakanizira konkire, ndipo ndinayamba kudzimva. Lamulo linali lakuti zitsulo zikamangidwa ndi waya m'bokosi la matabwa, konkire sathira mpaka injiniya, amai Mumba, ataziona. Ukaphimba asanaone, chipilala amachigumula, nawenso ntchito yatha.

Tsiku lina a Daka anali kutsidya, mikisa ikulira. Ndinakuwa kuwafunsa za tsiku la injiniya loona zitsulo za chipilala chachiwiri. Liwu limene linawoloka mtsinje linali limodzi: "Mailo!" Kwathu kuno mailo ndi dzulo, mailo ndi mawanso. Ine ndi phuma langa ndinasankha dzulo, n'kuuza anzanga kuti tithire.

Titathira mawilibala asanu ndi anayi, ndinaona a Daka akuwoloka m'madzi osavula ndi nsapato zomwe.

"Iwe, nakamba kuti azabwela mailo! Wathila cani?"

Konkire sachedwa kugwira, makamaka pa dzuwa la mu Okutobala la ku Nyimba. A Daka sanataye nthawi n'kundikalipira. Analamula kuti tichotse matabwa a mbali imodzi, tikokolole konkire ndi mafosholo, wa pakati pa zitsulo ndi manja, kenako titsuke ndi madzi a pampu mpaka chitsulo chilichonse chiyere. Simenti inandidya zala mpaka magazi, koma ndikanadandaulira ndani?

M'mawa mwake amai Mumba anabwera ndi tepi yawo yoyezera. Pansi penipeni, pomwe ndinaphimbapo, anapeza zitsulo zinayi zitatsamira thabwa, popanda timiyala tozitalikitsa. Zikanakhala choncho, madzi akanazipeza, dzimbiri n'kumadya chipilala mwakachetechete. Analamula kuti zikonzedwe, kenako anafunsa chifukwa chake zitsulo zinali zonyezimira chotero. A Daka anandiyang'ana, n'kuyankha kuti:

"Uyu akonda ukhondo, amai."

Mtima unakhala pansi, moti ndinapita kuseri kwa matumba a simenti kukakhala kaye. Ntchito yanga inapulumuka, chipilala nachonso.

Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, n'kudya ndithu, chifukwa ndinamva theka. Kuyambira pamenepo ndimazimitsa makina, n'kuyenda wapansi kukamva mawu onse, ngakhale kukhale kutsidya. Anzanga aja mpaka lero amanditcha a Mailo, ndipo ndimavomera.