Mzukwa Wopereka Mabisiketi

A Lindsay Triffitt ntchito ya umzukwa sanachite kuifunsira. Inawapeza yokha pakhomo, atavala masokosi obooka pachala.

Amene akuwadziwa mu Hobart muno amawadziwa ngati mdala wamtali wa m'kamsewu kokwera kumtunda kwa doko, uja anakalambira m'fakitale ya jamu akumata mapepala pazitini mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Mpaka lero akaona chitini cha jamu m'sitolo amachitembenuza kuti aone ngati pepala lalunjika, ndipo likakhota amapukusa mutu ngati alandira uthenga wa maliro. Mkazi wawo, mayi Beryl, anatsogola kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Kerry, anakwatiwa ku Perth, kutali koti ukamuimbira foni utadya kale chamadzulo iye amakhala asanaganize n'komwe zophika. Ndiye m'nyumba yamiyala ya chipinda chapamwamba ija munatsala a Lindsay ndi wailesi, imene ankakangana nayo za mpira n'kupambana mkangano tsiku lililonse.

Nyumbayo inamangidwa ndi akaidi aja ankabwera nawo pasitima kuchokera ku Ulaya, ndipo kuno nyumba ikangomangidwa ndi akaidi ndiye kuti ili ndi mzukwa wake, ifune isafune. Wa kwa a Lindsay anali Martha Keogh, mtsikana wa ku Ireland amene anamangidwa chifukwa choba nsalu yofunda, n'kuperekedwa kwa bwana wina kuti azimugwirira ntchito yam'nyumba. Akuti anam'peza m'munsi mwa masitepe khosi litathyoka. Bwana uja anati wapunthwa yekha, mlandu n'kuthera pomwepo. A Lindsay anakhala m'nyumbamo zaka zonse za banja lawo osamuonapo Martha ngakhale chidendene.

"Ngati alimo ndiye ndi waulesi," ankatero. "Mbale sanatsukepo n'kamodzi komwe."

Madzulo alionse mdima ukangogwa, ndipo nyengo yozizira kuno umagwa anthu akungoweruka kumene, gulu la alendo linkakwera kamsewuko kutsatira nyali ya mayi Noeline Direen. Mayiwa ntchito yawo inali kuyendetsa alendo m'malo a mizukwa: ankayambira kumene ankanyongera anthu, kudutsa kumanda akale, kenaka n'kudzaima pageti la a Lindsay kuti asimbe za Martha. Anali aafupi, a jasi lakuda lofika m'miyendo, koma mawu awo ankamveka mpaka kudoko.

Tsiku lina a Lindsay anakwera pamwamba kukatseka zenera, nkhani ya Martha ili pachimake panjapo. Katani inagwedezeka. Mayi wina anakuwa ngati waponda njoka. M'mawa mwake mayi Noeline anagogoda.

"Madala, ndinu munagwedeza katani dzulo?"

"Ndimatseka zenera langa. Kapena masiku ano pamafunika chilolezo cha boma?"

"Mayi wa ku Sydney uja anatsala pang'ono kundizula mkono. Lero mutsekenso."

"Lotsekatseka kale?"

"Mulitsegule kaye, nanga mwatanganidwa ndi chiyani? Ndikakweza nyali m'mwamba, inu gwedezani. Pang'ono pokha. Koma nkhope musaonetse, nkhope yanuyo ingathamangitse ndi Martha yemwe."

"Malipiro ake?"

"Kukuwa kwa akazi pageti panu. Munakumva liti komaliza?"

Basi, ntchito inayambika choncho. Ndipo munthu ameneyu, amene ankatha sabata yathunthu ali m'juzi imodzi, anayamba kumeta ndevu madzulo alionse ndi kumanga taye, kukonzekera ntchito imene lamulo lake loyamba linali lakuti asaonedwe ndi munthu. Ankazimitsa magetsi onse, kukwera masitepe, kugwada pansi pa zenera ndi mpini wa tsache m'manja, maondo akulira ngati chitseko chadzimbiri. Pakampata ka katani ankaona zipewa zikukwera mtunda, anthu atagwirana manja, ena akunong'onezana, ena akujambula khoma. Nyali ikakwera, iwo ankakankha katani pang'ono. Kukuwa. Kenaka phwete, anthu kumenyana pamapewa, "Iwe unalumpha!" "Bodza, unalumpha ndiwe!" Mayi Noeline potembenuka ankagwedeza nyali kumbuyo kwa jasi lawo, kusonyeza kuti zayenda. Gulu likatsetsereka, kamsewu kankangoti zii. A Lindsay ankavula taye, kutsika, kutenthetsa supu ya m'chitini, kudya ataimirira.

Mwini kampani ya maulendowo analamula kuti chinsinsi chisatuluke, choncho awiriwa akakumana m'sitolo ankangopatsana moni wa maso. A Lindsay sankadandaula. Tsiku lawo lonse linali kungodikira nyali ija.

Zinasokonekera madzulo ena amvula, mphepo ikuchokera kuphiri itasenza chisanu. Masana a tsikulo a Lindsay anakumbukira mabisiketi a ufa wa otsi amene mayi Beryl ankaphika, n'kuganiza zoyesa. Koma muyeso umene anaudziwa unali wa banja ndi anansi omwe, moti thebulo lonse linadzaza mabisiketi mbwee, wodya ali mmodzi, mano ake ndi ogula. Anaimbira Kerry kuti amuuze, foni n'kungoitana.

Gulu linafika litanyowa ngati nkhuku. Ali chigwadire pazenera, anaona gogo wina kumbuyo akutsokomola, atakumbatira chikwama pachifuwa. Nyali inakwera, iwo anagwedeza katani, anthu anakuwa monga mwa masiku onse. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Lindsay anatsika masitepe aja mothamanga kuposa Martha, anayatsa magetsi onse, natulukira pakhonde ndi thireyi m'manja, taye ili pakhosi.

"Lowani, anthu inu, mufa ndi chisanu! Tiyi alipo!"

Kenaka bambo wina wonenepa anati, "Kodi Martha uja ndi ameneyu? Wakalamba moipatu!" Gulu lonse linagwa nako kuseka.

Analowa. Khitchini inadzaza majasi ofuka nthunzi, makapu anachepa, ena anamwera m'mabotolo a jamu. A Lindsay anawaonetsa masitepe, chithunzi cha ukwati wawo, ngakhale mpini wa tsache, n'kuchita kugwada kuti aone m'mene ntchito imagwiridwira. Gogo wotsokomola uja anati mabisiketiwo akufanana ndi a malemu mayi ake. A Lindsay analankhula usiku umenewo mawu ochuluka kuposa a chaka chonse.

Mayi Noeline anaima pakhomo ndi nyali yawo, madzi akuyenderera pajasi.

"Madala, mwandiphera mzukwa."

"Idyani bisiketi, mayi."

Anatenga imodzi, analuma, anayang'ana m'khitchinimo nthawi yaitali. "Akoma," anatero. "Koma mwadziwotcha nokha."

Sanalakwe. Alendo aja anajambula zonse n'kumwaza pa intaneti, mpini wa tsache ndi taye yomwe. Mwini kampani anati anthu salipira kuti akaone nkhalamba yogwada, ndipo anachotsa nyumbayo paulendo. Pasanapite nthawi mayi Noeline anasiya ntchito, mapazi atawavuta, n'kusamukira kwa mng'ono wawo ku Launceston. Madzulo a Lindsay ankaona nyali ikudutsa kumunsi kwa kamsewu osakhotera kumtunda. Kwa kanthawi anapitiriza kumeta. Kenaka lezala linachita dzimbiri.

Nyengo yozizira yotsatira, madzulo ena, atakhala mumdima chifukwa cha ulesi wodzuka kukayatsa getsi, anamva mapazi ambiri akukwera mtunda. Anaima pageti pawo. Wonyamula nyali anali bambo wachilendo wa mawu okhuthala, amene a Lindsay anali asanamuonepo. A Lindsay anasendera pafupi ndi chitseko kuti amve za Martha.

Za Martha sizinatchulidwe. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

"M'nyumba iyi," anatero bamboyo, "munkakhala mdala wina yekhayekha. Mkazi anamwalira, abale anamuiwala. Anafera m'khitchini, ndipo anapezeka patapita nthawi, thebulo litadzaza mabisiketi. Mpaka lero kukagwa mvula chitsekochi chimatseguka chokha, iye n'kutuluka ndi thireyi, atamanga taye, kuitana anthu kuti alowe. Mlamu wa mnzanga analowa. Akuti mabisiketi ake ndi ofunda."

A Lindsay magazi anawira. Kuphedwa uli moyo, pageti pako pomwe, ndi munthu woti sanakupatsepo moni! Anagwira chogwirira cha chitseko. Anali atakonza kale mawu oyamba, ndipo sanali a m'Baibulo.

"Dzina lake anali ndani?" anafunsa mayi wina panjapo.

"Lindsay."

"Lindsay," anabwereza mayiyo pang'onopang'ono. "Analibe ndi mwana yemwe?"

"Akuti analipo, koma kutali."

"Mayo ine. Pepani, a Lindsay."

Panalibe amene anaseka. Anthu aja anaima chete mumphepo, akuyang'ana chitseko chimene a Lindsay anaima kuseri kwake, ndipo anakhalitsa kuposa m'mene ankakhalira masiku a Martha.

Dzanja linali pachogwirira. Kungopotokola, gulu likanafa nako kuseka, bambo wa nyaliyo n'kuchita manyazi, mawa lake mwini kampani n'kufufutanso nyumbayo, ulendo uno kosatha. Chifuwa chinayamba kuwayabwa. Anachotsa dzanja lija pachitseko n'kutseka nalo pakamwa, misozi ikutuluka chifukwa choumiriza chifuwacho, mpaka mapazi anatsetsereka ndi mtunda. Ndiye anatsokomola momasuka.

Kuyambira pamenepo zinyalala amatulutsira kukhomo lakuseri, ndipo udzu wapageti anasiya kutchetcha chifukwa akuti ukuthandiza ntchito. Kukayamba kuda amazimitsa wailesi, kukokera mpando m'kanjira ka kuchitseko, n'kukhala ndi mbale ya supu pamiyendo, akumwa mosamala kuti supuni isagunde mbale. Bambo wa nyali uja amawonjezera tsabola sabata iliyonse. Panopa akuti mdalayo anali woyendetsa sitima zam'madzi. A Lindsay sanakwerepo ngakhale bwato, koma zimenezo sakutsutsa.